Msilikali Wakumbuyo Anali wa Atelala

Chaka chimene boma latsopano linati ana onse apite kusukulu ulere, ine ndinali m'gulu la anyamata amene anatitola mwachangu kuti tikhale aphunzitsi. Anatiphunzitsa masabata ochepa chabe, n'kutipatsa makalata. Yanga inanditumiza kusukulu ina pafupi ndi Mitundu. Kwathu ndi ku Phalombe, ndipo dzina loti Mitundu ndinali ndisanalimvepo chibadwire.

Anandipatsa kachipinda kuseri kwa ofesi ya ahedi, momwe kale ankasungiramo makasu ndi mabuku ong'ambika. Masana ndinkakhala pansi pa mtengo ndi ana ochuluka moti ena sindinawagwire nkhope mpaka chaka kutha. Akaweruka, bwalo lonse linkangoti zii. Aphunzitsi anzanga anali a komweko, aliyense ndi banja lake, munda wake wa fodya, maliro a kwawo. Sanali anthu oipa. Ankandipatsa moni bwinobwino, kuseka pang'ono kalankhulidwe kanga ka kummwera, kenako n'kukwera njinga zawo. Kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lolemba m'mawa, mawu amene ndinkatulutsa m'kamwa anali a nyimbo za kutchalitchi basi. Ndinkasungulumwa koopsa. Komanso ndinene ndekha munthu wina asanandinenere: ndinali wa mtima wapachala, wodzimva kuti ndine wophunzira, ndipo sindinkadziwa kudikira.

Buluku langa la kuntchito litang'ambika pathako, ndinapita nalo pa Mitundu. Pakhonde la kasitolo kena panali mkulu wa imvi, wa kachisoti koyera, akupalasa makina osokera. Anali Msilamu wa ku Mangochi, koma atakhala pa Mitundu zaka zambiri. M'kasitolomo ankagulitsa ulusi, mabatani, sopo ndi mchere. Aliyense ankangowatchula kuti atelala, ndipo inenso ndiziwatchula choncho.

Anayang'ana bulukulo, n'kundiyang'ana ine.

"Aphunzitsi, ana anaona?"

"Anaona," ndinayankha nditakwinya nkhope.

"Ndiye aphunzirapo kanthu lero." Anaseka okha mpaka kutsokomola. Kenako anandipatsa singano. "Tandilowetserani ulusi umu, dzuwa landithobwa m'maso."

Ndinalowetsa. Atamaliza kusoka anati, popeza ndine munthu wa Chingerezi, ndilowe kuchipinda ndikawawerengere zinazake.

Kuseri kwa sitoloyo kunali chipinda chimodzi: bedi, mkeka wopinda bwino pakona, ndi tebulo. Patebulopo panali kanema wamng'ono wa zithunzi zakuda ndi zoyera, batire ya galimoto pansi pake, ndi kabokosi kotuwa kokhala ndi zogwirira ziwiri za mabatani, chilichonse ndi chingwe chake. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Nathenje. Wamwamuna anali ku Joni, ndipo ndiye anatumiza zinthuzi kudzera mwa munthu wa lole. Anandionetsa kalata yake, yopindikapindika chifukwa chowerengedwa kambirimbiri. Mnyamatayo analemba kuti gemu imeneyi ndi ya anthu awiri, bambo aziyeserera, akadzabwera pa chikondwerero cha Idi adzamenye limodzi. Mzere womaliza unali woseleula: ankati akudziwa kuti kumapeto kwa gemuyo bambo ake sangafikeko ngakhale atayesetsa bwanji.

"Idi yadutsa kawiri," anatero atelala. "Mwanayo sanabwere, ndipo makalata anga sakuyankha. Koma ndikafika kumapetoko ndidzamulembera zimene zili kumeneko. Imeneyo ayankha, ndimamudziwa. Salola kugonja."

Zimene ankafuna kuti ndiwerenge zinali pa kaseti ya gemuyo. Inalembedwa kuti muli magemu mazanamazana. Titayatsa panabweradi mndandanda wautali wa mayina, wotsika osatha. Ndinasangalala ngati mwana. Tinayesa loyamba: asilikali awiri opanda malaya, mifuti m'manja, akuthamanga m'nkhalango, adani akutuluka uku ndi uku. Tinayesa lachiwiri: asilikali omwewo, nkhalango yomweyo, koma mfuti yotulutsa zipolopolo zitatu. Lachitatu, omwewo, kungoti akuyambira pamlatho. Ndinatsika mndandanda wonse thukuta lili kamukamu, kufunafuna gemu ina. Munalibe.

"Ndinadziwa kale," anatero atelala. "Ndi malaya amodzi awa, angosintha kolala. Ngati zipani zathuzi: mayina mbwee, nkhope zomwe zija."

Apa m'pamene panayambira mkangano wathu, ndipo unatenga miyezi. Ine ndinkati ngakhale gemuyo ndi imodzi, ndi chinthu chatsopano chimene dziko lino silinaonepo. Iwo ankati palibe chatsopano: munthu wopanda malaya wopha anthu ambirimbiri yekha amamuonetsa tsiku lililonse pa vidiyo sho ya kumsika, opanga gemu anangomukopera. Ankati amadziwa zimenezi chifukwa iwonso ndi mmene amagwirira ntchito. Amagula diresi pa kaunjika, kulisosola msoko ndi msoko, kuliyala pa nyuzipepala, kulijambula, basi mwezi wamawa amayi onse a pa Mitundu avala sitayilo yatsopano.

"Koma wa pa vidiyo simungamuuze kuti alumphe," ndinkawatsutsa. "Uyu amamvera chala chanu."

"N'chifukwa chake amafa," ankayankha. "Wa pa vidiyo samvera munthu, ndipo sanafepo."

Pa mfundo imeneyi anali ndi umboni. Gemuyo itangofika, anaitulutsa pakhonde tsiku la msika, poganiza kuti ikhala bizinesi. Matenanti a m'maesiteti, atangolandira za fodya, anaunjikana. Woyamba anagwira chogwirira, msilikali wake anayenda mapazi atatu n'kugwera m'madzi. Wachiwiri anawomberedwa asanapeze batani la mfuti. Wachitatu anafunsa kuti, "Ndiye ndizilipira kuti ndizifa ndekha?" Onse anaseka n'kupita ku vidiyo sho. Pofika sabata yachitatu palibe amene ankaima, ndipo atelala anaibweza kuchipinda. Choncho ngati funso lili loti gemuyo inachita bwino pa Mitundu, yankho ndi ayi. Inagwa chagada.

Inangopeza anthu awiri okha, onse obwera. Lachisanu iwo anali ndi mzikiti, Lamlungu m'mawa ine ndinali ndi tchalitchi, Loweruka kunali makasitomala. Tinatenga Lamlungu masana. Batire ankaitchajitsa Loweruka kwa munthu wa chigayo, ndipo inkatipatsa maola atatu kapena kuchepera. Ikayamba kutha, chithunzi chinkafota pang'onopang'ono, mdima kulowa m'mbali zonse, mpaka kutsala kadontho pakati.

Vuto loyamba linali loti kanemayo analibe mitundu. Pa chithunzi cha kaseti, msilikali mmodzi anali ndi buluku lofiira, wina lobiriwira, koma pa kanema wathu onse anali otuwa ngati mapasa. Kangapo konse ndinkadzitama kuti ndikumenya bwino, osadziwa kuti ndikuyang'ana msilikali wa atelala, wanga ali m'dzenje. Iwo ndiwo anakhazikitsa lamulo.

"Inu muzitsogola. Wakumbuyo ndi wanga. Tikatero palibe kusokonezana."

Zinayenda. Ine ndinkathamanga kutsogolo kuwombera chilichonse, iwo ankabwera pambuyo mwaulemu, ngati munthu woperekeza mlendo, kupha adani otulukira kumsana kwanga. Phazi lawo lakumanja linkapalasa pansi ngati ali pa makina. Pamwamba pa chithunzicho pankalendewera timamendulo, ndipo msilikali akafa kamodzi, mendulo imodzi inkachoka. Zikatha zonse, watuluka, uzingoonera mnzako.

Lamulo lachiwiri linali la swala, pemphero lawo la Chisilamu. Dzuwa likapendeka, ankayang'ana mthunzi wa pakhomo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, imitsani." Panali batani loimitsa zonse. Ndikalidina, asilikali ankauma pomwepo, wina ali m'malere, zipolopolo zitalendewera ngati ntchentche zogwidwa mu ukonde wa kangaude. Iwo ankatenga ketulo ya madzi, kukasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, n'kukayala mkeka m'sitolo muja atatseka chitseko. Ine ndinkakhala pampando manja ali pamiyendo, kumva batire ikudyeka pachabe. Sanandipemphepo kuti ndilumbire zoti sindipitiriza ndekha. Zinali zodziwikiratu kuti munthu akamapemphera, mnzake amadikira.

Malo amene ankatisowetsa mtendere anali phiri. Mbali zina zonse za gemuyo munkayenda chopita kumanja, koma paphiri munkakwera, kulumpha mwala ndi mwala. Kanema ankatsatira amene ali pamwamba. Wotsogola akakwera msanga, pansi pankazimirira, ndipo wotsalira ankafa popanda mdani kumukhudza. Ndinawapha atelala pamenepo kosawerengeka.

"Aphunzitsi, mwandisiya."

"Inunso muzifulumira! Mwalawo suli pomwepo?"

"Ndauona mochedwa."

Ndinkapsa mtima, kuwakalipira munthu wamkulu ngati mwana wa sitandade wanu. Iwo sankabweza. Ankangosendeza mpando kufupi ndi kanema, mwezi uno pang'ono, mwezi wamawa pang'ono, mpaka mphuno yawo inatsala pang'ono kugunda galasi. Ine wophunzira uja sindinadzifunse chifukwa chake. Ulusi ndinkawalowetsera Lamlungu lililonse, masingano asanu n'kuwabaya pa kansalu kuti akwane sabata yonse, koma ndinkayesa kuti ndi ulesi wa ukalamba.

Batire ikatha ankaphika tiyi wa shuga wambiri, tikumwera pakhonde. Ngolo za makala zochokera ku Dzalanyama zinkadutsa, ng'ombe zitatopa. Ankandifunsa za mayi anga, za phiri la kwathu, za mtsikana amene ndinkamulembera makalata osayankhidwa. Pa Mitundu ponse, iwo okha ndiwo ankadziwa kuti ndili ndi mayi. Sabata yanga yonse inkayang'ana ku Lamlungu limenelo.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali m'nyengo yozizira, fodya atatha m'zigafa. Tinayamba bwino modabwitsa. Nkhalango tinadutsa osataya mendulo, mlatho chimodzimodzi. Tinafika pamalo amene tinali tisanafikepo chiyambire: phiri lachiwiri, lalitali, ndipo pamwamba pake pankaoneka chitseko chachikulu chachitsulo. Ndinadziwa kuti kumapeto ndi kumeneko. Atelala anali ndi mamendulo atatu, ine anayi.

Iwo anayang'ana mthunzi wa pakhomo.

"Aphunzitsi, imitsani."

"Bambo, taonani pomwe tafika! Mphindi zisanu zokha."

"Chitsekocho sichithawa. Imitsani."

Ndinaimitsa. Anatenga ketulo yawo n'kutuluka. Ndinamva madzi akuthira pansi kuseri, kenako chitseko cha sitolo chikutsekeka.

Ndili chikhalire, ndinaona mzere wakuda m'mphepete mwa kanema. Batire inali itayamba kutha. Sabata imeneyo chigayo chinali ndi vuto la magetsi ndipo batireyo sinadzaze bwino. Mzerewo unakula ndikuona. Gemu imeneyi inalibe posungira: ikazima, mumayambiranso kunkhalango. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. M'sitolo munkamveka mawu awo apansipansi, osafulumira ngakhale pang'ono. Mumtima ndinati, munthu uyu akuchedweranji, Mulungu wake sangadikire? Ndikulemba mawu amenewa ndi manyazi, koma ndi amene ndinaganiza.

Ndinadina batani.

Chogwirira chawo chinali pampando pomwe anachisiya. Msilikali wawo anangoima pamwala, mfuti ili m'manja, akuyang'ana kutsogolo. Ine ndinalumpha kukwera. Pansi panazimirira, mendulo yawo yoyamba inachoka. Msilikali wawo anabweranso pafupi ndi wanga, n'kuimanso chilili. Ndinalumphanso, yachiwiri inachoka. Pa yachitatu sindinayang'ane n'komwe. Ndinafika pachitseko ndekha, ndinamenyana ndi chimakina cha mitu iwiri chimene chinali kumeneko, ndinataya mamendulo atatu, koma ndinachiphulitsa.

Chitseko chinatseguka. Msilikali wanga analowa, n'kuimika mfuti m'mwamba. Panabwera mizere iwiri ya Chingerezi yothokoza chifukwa chopulumutsa dziko, ndi kanyimbo kakafupi. Kenako kanema anaphethira, ndipo ndinapezeka ndili kunkhalango kuja, pa mtengo woyamba, adani omwe aja akubwera. Mapeto ake anali amenewo. Ndinatembenuka kuti ndiuze munthu, koma m'chipindamo ndinali ndekha.

Atelala analowa akupinda mkeka. Anawerama pafupi ndi kanema, chithunzi chitafota ngati kachikhatho, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Iyi si nkhalango?"

"Batire imatha, bambo."

"Mwafika?"

"Ndafika."

Anatola chogwirira chawo, kukulunga chingwe chake bwinobwino monga ankachitira nthawi zonse, n'kuchiika patebulo. Sanafunse zimene ndinaona, ndipo ine sindinanene. Tiyi anaphika ndithu. Tinamwa pakhonde, iwo akukamba za mtengo wa ulusi. Ndikanakonda akanandilalatira.

Lamlungu lotsatira sindinapite. Ndinadziuza kuti ndili ndi mayeso oti ndichonge. Linalo ndinati kukuzizira. Zoona zake n'zakuti kupepesa sindinkakudziwa, ndipo ndinkadikira kuti mwina iwo atuma mwana kudzandiitana. Sanatume. Sukulu itatsekera, aphunzitsi atsopanofe anatiitana kumaphunziro a patchuthi, ndipo ndinachoka osatsanzika.

Nditabwerako ndinalimba mtima. Ndinagula shuga, ndinakonza mawu oti ndikanene. Ndinapeza khonde lili mbee, makina palibe, pachitseko pali loko. Mayi wogulitsa mandasi pafupi anandiuza kuti mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga, ali ku Nathenje.

"Maso aja atheratu, aphunzitsi. Ng'ala. Simunkadziwa inu, poti munkakhala nawo? Anasoka diresi la mkwatibwi manja kutembenuza, m'pamene anavomera kuti basi."

Ndinaima pamenepo ndi shuga wanga. Ndinakumbukira masingano asanu aja, mpando wosenderasendera uja, ndi lamulo loti wakumbuyo ndi wawo. Sankaona adani bwinobwino, sankaona miyala. Ankaona chinthu chotuwa chikuyenda patsogolo pawo, n'kumachitsatira.

Loweruka ndinabwereka njinga ya ahedi. Ndinadutsa msewu wafumbi wa m'minda, phiri la Bunda likutsalira kumbuyo, mphepo ikundiwomba kumaso ulendo wonse. Ku Nathenje ndinafunsa kumzikiti, ndipo anandilozera nyumba ya njerwa kuseri kwa msika. Mwana wawo anandilandira, n'kundiyalira mpando pakhonde pomwe bambo ake anakhala. Makina awo anali pakona, atafundidwa chitenje.

"Odi, bambo."

Anapendeketsa mutu. "Aphunzitsi a ku Phalombe. Buluku lang'ambikanso?"

Ndinayamba mawu anga okonza aja, koma anandidula ndisanafike pakati. Anati zimenezo azimva, ndipo shuga alandira, koma pali ntchito. Anaitana mwana wawo kuti abweretse pepala ndi cholembera.

"Choyamba mundiuze. Kuseri kwa chitseko kuja kunali chiyani?"

Ndinawauza zonse: chimakina cha mitu iwiri, mfuti m'mwamba, mizere iwiri ya Chingerezi, kanyimbo, ndi kubwerera kunkhalango.

"Basi? Osapatsidwa ngakhale mpando?"

"Basi."

Anaseka mpaka misozi, kumenya bondo. "Ndinakuuzani ine. Malaya amodzi, kolala yokha." Ine sindinatsutse. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anali kulakwitsa, kuti gemu ija inali ndi chake chimene vidiyo sho inalibe: munthu wa pa vidiyo sungamusiye paphiri. Koma tsiku limenelo sindinali woyenera kuwina mkangano.

Anayamba kunena mawu a kalata yopita ku Joni, ine ndikulemba. Moni, za maso, za kusamuka, za mvula imene ikuchedwa. Atafika pa nkhani ya gemu, ndinathamangitsa cholembera ndisanauzidwe, n'kuwerenga mokweza zimene ndinalemba: "Mwana wanga, kumapeto kuja tinafika."

"Fufutani," anatero.

"Bambo, mbali zonse tinadutsa limodzi. Popanda inu kumbuyo kwanga sindikanafika ngakhale pamlatho. Palibe bodza apa."

"Aphunzitsi, nthawi imeneyo ine ndinali pa swala. Ndichoke pa swala n'kukanamiza mwana wanga? Fufutani."

"Nanga akapanda kuyankha?"

Anasisita bondo. "Akapanda kuyankha, ndiye kuti sanayankhe. Lembani chonchi: aphunzitsi anafika, ndipo akuti kulibe kanthu, amangokubwezera kunkhalango. Ine ndinatsala paphiri lachiwiri, pafupi ndi chitseko. Ukabwera udzandipeza pomwepo."

Ndinafufuta mzere wanga n'kulemba wawo. Kalatayo ndinakaiponya ndekha pa positi ya Nathenje ndisanakwere njinga. Ndinafika ku Mitundu dzuwa likulowa, ndinabweza njinga kwa ahedi, ndipo m'mawa mwake linali Lamlungu.